Munthu Wotifulatira: Kuphunzira Utoto wa Mafuta Pokopera Zithunzi za Caspar David Friedrich

Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican, m'Chikalata chake cha Liturjiya chimene chidalengezedwa pa 4 Disembala 1963, udalamula pa ndime 129 kuti ophunzira unsembe aziphunzitsidwa mbiri ya zithunzi zopatulika pamodzi ndi mfundo zoyenera kuzitsogolera, kuti adzathe kusamala chuma cha Eklezia ndi kulangiza amisiri. Lamuloli nlosavuta kulilemba m'ndandanda wa maphunziro, koma kulikwaniritsa nkovuta. Munthu angathe kuloŵeza maina a amisiri onse ndi zaka zao, nkukhalabe wosadziŵa kupenya chithunzi. Ilipo njira yakale yochizira khungu lotere, ndiyo kutenga burashi ndi kukopera ntchito ya mmisiri wamkulu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mwa zithunzi zimene ophunzira utoto wa mafuta amakonda kukopera masiku ano, chodziŵika kwambiri ndi cha mmisiri wa ku Germany, Caspar David Friedrich, chotchedwa Der Wanderer über dem Nebelmeer, ndiko kunena kuti Wapaulendo Pamwamba pa Nyanja ya Nkhungu. Chifukwa chake nchoonekeratu. M'chithunzimo muli munthu mmodzi yekha, ndipo munthuyo watifulatira, kotero wophunzira sakumana ndi vuto la kujambula nkhope. Mitundu ya utoto ndi yoŵerengeka. Ndiponso nkhungu imaoneka ngati ingabise zolakwa za dzanja losazoloŵera. M'nkhani ino ndifuna kuyesa kusankha kumeneku. Ganizo langa nlakuti wokopera Friedrich amaphunzira zoposa kagwiridwe ka burashi, pakuti poyeza msinkhu wa munthu uja ndi malo amene waimapo, amakhala akukoperanso chiphunzitso china chake cha za munthu pamaso pa Mulungu. Chiphunzitso chimenecho tiyenera kuchiona bwino tisanachilandire.

Mwambo wa kukopera

Kukopera ndi khomo limene pafupifupi amisiri onse a ku Ulaya adaloŵerapo. Cha m'ma 1400 Cennino Cennini wa ku Toscana adalemba buku la malangizo lotchedwa Il libro dell'arte, m'mene adalangiza wophunzira kuti asankhe mmisiri mmodzi wopambana ndi kukhala naye nthaŵi yaitali, chifukwa wodumphadumpha, lero uyu maŵa uja, satola mkhalidwe wa aliyense. Pamene nyumba ya Louvre ku Paris idatsekulidwa kwa anthu onse mu 1793, masiku ena adapatulidwira amisiri okopera. Vincent van Gogh, ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy mu 1889 ndi 1890, adakopera ntchito za Millet ndi za Delacroix kuchokera pa mapepala osindikizidwa opanda mitundu, iye naikamo mitundu yake. Imodzi mwa Pietà zake ziŵiri, chithunzi cha Amai Maria ali ndi mtembo wa Mwana wao, ili pakati pa zithunzi zachipembedzo zamakono zimene Papa Paul VI adazitsekulira malo ku Vatican mu 1973.

Ife a m'seminale tiyenera kumvetsa msanga phindu la ntchito yotere, popeza Malembo Oyera adatifika kudzera m'manja mwa amonke okopera. Wokopera amaŵerenga pang'onopang'ono kuposa wina aliyense. Diso limalumpha, koma dzanja silingalumphe: kachigawo kalikonse ka chinsalu kayenera kupakidwa, ndipo popaka munthu amakakamizika kufunsa kuti mwini wake adayamba ndi chiyani, adatsiriza ndi chiyani, ndipo adasiya chiyani. Mafunso atatu ameneŵa ndiwo chiyambi cha kuweruza chithunzi.

Mmisiri wake

Friedrich adabadwa pa 5 Sepitembala 1774 ku Greifswald, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Baltic umene nthaŵi imeneyo unali pansi pa ufumu wa Sweden. Banja lake linali la Chilutera, ndipo bambo wake anali wopanga sopo ndi makandulo. Mai wake adamwalira mu 1781. Mu 1787 mng'ono wake Johann Christoffer adamira m'madzi, ndipo anthu amasimba kuti adafa pofuna kupulumutsa Caspar yemweyo. Kuyambira 1794 mpaka 1798 adaphunzira pa sukulu ya zaluso ya ku Copenhagen, kumene ophunzira ankayamba ndi kukopera zojambula za ena ndi ziboliboli zapulasitala asanaloledwe kujambula munthu wamoyo. Pambuyo pake adakhazikika ku Dresden, kumene adamwalirira pa 7 Meyi 1840 ali wosauka ndi woiŵalika ndi ambiri.

Chofunika kwa ife nchakuti Friedrich adachedwa kugwira utoto wa mafuta. Zaka zambiri ankagwira ntchito ndi pensulo ndi inki yofiirira yotchedwa sepia, imene ankaisungunula ndi madzi nkumaipaka mopyapyala kambirimbiri mpaka mdima utakwanira. Zithunzi zake ziŵiri za mtundu umenewu zidalandira gawo la mphotho ku Weimar mu 1805, pa mpikisano umene Goethe ankayang'anira. Utoto wa mafuta adauyamba mwakhama cha m'ma 1807, ali ndi zaka zoposa 30, ndipo adaugwira monga momwe adazoloŵerera ndi sepia: mizere yolongosoka pansi, utoto wopyapyala pamwamba. Chithunzi cha Georg Friedrich Kersting cha mu 1811 chimationetsa chipinda chake chogwiriramo ntchito, chopanda katundu ngati chipinda cha mmonke, zenera litatsekedwa m'munsi kuti muziloŵa kuŵala kwa thambo kokha. Sankapenta ndi mafuta ali kuthengo. Ankayenda ndi pensulo ku chilumba cha Rügen ndi ku mapiri, nasunga zojambulazo zaka zambiri, kenaka nkuzilumikiza ali m'chipinda muja.

Zimene dzanja limaphunzira

Chithunzi cha Wapaulendo chidapentedwa cha m'ma 1818. Msinkhu wake ndi masentimita pafupifupi 95, m'lifupi 75, ndipo chili ku Hamburger Kunsthalle kuyambira 1970. Mwamuna wovala jekete lalitali lobiriŵira moderako waima pa thanthwe lakuda, ndodo ili ku dzanja lamanja, tsitsi likuuluzika ndi mphepo. Patsogolo pake pali nkhungu, ndipo m'nkhungumo mwasuzumira mitu ya matanthwe ndi mapiri, ena pafupi, ena kutali ndithu.

Phunziro loyamba ndi la dongosolo. Utoto wa mafuta suuma monga amaumira matope madzi akauluka. Mafuta a linseed, ofinyidwa ku njere za mbeu ya flax, amalimba pang'onopang'ono pogwirana ndi mpweya, ndipo zimenezi zimatenga masiku kapena masabata. Nchifukwa chake pali lamulo lakuti utoto wapansi ukhale wochepa mafuta, wosungunulidwa ndi turpentine, ndipo wapamwamba ukhale wa mafuta ochulukirapo. Wina akatembenuza lamuloli, utoto wapamwamba umalimba msanga wapansi ukadayendabe, ndipo patapita nthaŵi chithunzi chimang'aluka ngati dambo m'mwezi wa Okutobala. Wokopera Friedrich ayenera tsono kujambula zonse ndi pensulo ndi rula poyamba, kupaka thambo, kudikira, kupaka mapiri akutali, kudikiranso, ndi kutsirizira pa thanthwe ndi pa munthu. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Phunziro lachiŵiri ndi la mtunda. Mpweya umene uli pakati pa diso ndi phiri umamwaza kuŵala, motero phiri likatalikira limaoneka lotuŵa, lopita ku buluu, ndipo mdima wake ndi kuŵala kwake zimayandikirana. Wophunzira amazidziŵa zimenezi ndi mutu, koma dzanja lake limakana: limafuna kupaka mtengo wakutali ndi utoto wobiriŵira chifukwa mutu ukudziŵa kuti mtengo ndi wobiriŵira. Pa chithunzi cha Wapaulendo ayenera kusakaniza makwerero angapo a utoto wotuŵa, lililonse lopepuka pang'ono kuposa linzake, ndi kusunga wakuda kwambiri kuti ukhale wa thanthwe ndi munthu basi. Apa munthu amaphunzira kukhulupirira chimene waona koposa chimene akuyesa kuti akuchidziŵa kale, ndipo phunziro limeneli lidzamthandizanso poŵerenga Malembo.

Phunziro lachitatu ndi la nkhungu yomwe ija imene wophunzira ankayesa kuti idzambisira zolakwa. Nkhungu ya Friedrich si yoyera mbee. Ili ndi buluu, ili ndi kufiirira pang'ono, ndipo m'malo ambiri ndi yopyapyala kotero kuti zapansi zimaonekera. Woipaka mochindikala amapeza kuti wamata thonje pa chinsalu. Pano palinso vuto la zipangizo. Friedrich ankagwiritsa ntchito utoto woyera wopangidwa ndi mtovu, umene ndi wapoizoni ndipo lero ngwosoŵa. Utoto woyera wa titanium umene uli m'masitolo udayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920, ndipo umaphimba kwambiri ndi kuzimitsa mitundu imene wasakanizidwa nayo. Ndi timachubu tomwe ta utoto timene wophunzira amafinya tidatulukira mu 1841, Friedrich atamwalira kale, pamene John Goffe Rand adalembetsa luso limeneli ku London. Wokopera aliyense tsono ali ngati womasulira Malembo kuchoka ku Chigriki, ndipo ayenera kudziŵa chimene chikutayika panjira.

Chimene rula imaulula

Phunziro lalikulu limabwera pamene wokopera atenga rula kuti apeze malo a munthu uja. Amapeza kuti munthuyo waima pakati penipeni pa chinsalu, ndi kuti mitsetse iŵiri ya mapiri, wina wochokera kumanzere wina kumanja, imatsika nkudzakumana pa chifuŵa chake. Thanthwe limene wapondapo lili ngati tsinde la chipilala chachikumbutso. Ndipo malo amene akuyang'anawo kulibe pa dziko lapansi. Friedrich adatola thanthwe la pa Kaiserkrone limene adalijambula mu 1813, phiri la Zirkelstein, ndi mapiri ena a m'dera la mtsinje wa Elbe, naŵasanja mwa kufuna kwake mozungulira munthuyo. Dziko lonse lakonzedwa kuti liloze pa mtima wa munthu mmodzi.

Pa za tanthauzo lake akatswiri sagwirizana. Ena amaona munthu wosinkhasinkha amene wafika pa mapeto a moyo nayang'ana dziko losatha. Ena amati ndi chikumbutso cha munthu amene adafa pa nkhondo yolimbana ndi Napoleon. Enanso amaona munthu watsopano wa ku Ulaya, wodzidalira, wopenya dziko monga mwini wake. Kusagwirizanaku kumachokera m'chithunzi momwemo. Msana suseka ndipo sulira. Sutiuza ngati mwini wake akupemphera kapena akuŵerengera phindu. Aliyense angathe kuloŵamo ndi mtima wake. Nchifukwa chake chithunzichi chimakondedwa ndi okhulupirira, komanso chaikidwa pa zikuto za mabuku a Friedrich Nietzsche, amene adalalika za imfa ya Mulungu. Nchifukwa chakenso a chipani cha Nazi m'zaka za m'ma 1930 adatha kutenga ntchito za Friedrich nazisandutsa mbendera ya mtundu wao, kotero kuti nkhondo itatha dzina lake lidada, kufikira pamene zionetsero za ku London mu 1972 ndi za ku Hamburg mu 1974 zidalitsukanso.

Mmonke m'mbali mwa nyanja

Alipo munthu wina wotifulatira amene Friedrich adampenta zaka pafupifupi khumi m'mbuyo mwake, ndipo ndiye amene ndikadakonda kuti ophunzira athu amkopere akathana ndi Wapaulendo. Chithunzi cha Der Mönch am Meer, ndiko kuti Mmonke m'Mbali mwa Nyanja, chidapentedwa pakati pa 1808 ndi 1810. Ndi chachikulu, masentimita 110 msinkhu ndi oposa 170 m'lifupi, ndipo chili ku Alte Nationalgalerie ku Berlin. Muli zigawo zitatu zokha: mchenga wotuŵa pansi, kamzere ka nyanja yakuda bii, ndi thambo limene latenga malo oposa magawo atatu mwa anai a chinsalu chonse. Mmonkeyo ndi kanthu kakang'ono koima chakumanzere, ndipo mutu wake sufika ndi pomwe pamene nyanja yakumana ndi thambo. M'mbali mulibe mtengo kapena thanthwe loti litsogolere diso, monga ankachitira amisiri a nthaŵiyo.

Chithunzichi chidaonetsedwa ku Berlin mu 1810 pamodzi ndi chinzake, Abtei im Eichwald, chosonyeza amonke atanyamula maliro kuloŵa m'mabwinja a tchalitchi, ndipo mfumu ya ku Prussia, Friedrich Wilhelm III, idagula zonse ziŵiri. Mlembi Heinrich von Kleist, m'nyuzipepala yake ya Berliner Abendblätter ya pa 13 Okutobala chaka chomwecho, adayerekeza woonera chithunzichi ndi munthu wodulidwa zikope, amene sangathenso kutsinzina. Iye ndi Clemens Brentano adamtcha munthuyo Mkapuchini.

Kuyambira 2013 mpaka 2016 akatswiri a ku Berlin adatsuka chithunzichi, nachotsa vanishi wakale amene adachita chikasu, ndipo thambo limene mibadwo ingapo idaliona lothimbirira lidatulukanso la buluu woŵala. Pounika ndi kuŵala kwa infrared, kumene kumapyola utoto nkuonetsa mizere yapansi, adaona zombo zitatu zamatanga zimene Friedrich adazijambula mosamala, ndi zingwe zake zomwe, koma pomaliza sadazipente. Nyanja adaisiya yopanda kanthu. Apa mpamene funso lachitatu lija la wokopera, lakuti mmisiri adasiya chiyani, limapeza yankho lomveka. Chombo chikadapatsa diso popumira, chikadapatsa mtima chiyembekezo cha kuoloka, ndipo chikadasandutsa chithunzichi nkhani ya asodzi kapena ya amalonda. Pozichotsa zombozo, Friedrich adasiya munthu pamaso pa chinthu chimene sangathe kuchiyeza.

Wokopera amaona msanga kuti chithunzi chopanda kanthuchi ndicho chovuta kopambana. Pa Wapaulendo, thanthwe likapotoka pang'ono palibe amadziŵa. Pa Mmonke palibe pobisala. Thambo lonse ndi utoto wopyapyala wosanjikizana, wochoka ku mdima wa pamwamba pa madzi, kukwera ku kuŵala kwa mitambo, mpaka kukafika ku buluu wakumwamba, popanda mzere wooneka pamene wina wathera. Friedrich adagwiritsa ntchito smalt, ndiye galasi la buluu lopera, limene mphamvu yake njochepa ndipo limalola kuŵala kwa pansi kupyola. Ndipo kamunthu kaja, kamene burashi ingakamalize m'mphindi zochepa, kakangokula ndi chala chimodzi chithunzi chonse chafa. Chiyeso cha wophunzira aliyense ndi kumkuza mmonkeyo kuti aoneke bwino.

Ife sitingalephere kumva m'chithunzichi mau a mwambo wathu womwe. Gregory Woyera wa ku Nyssa, pofotokoza moyo wa Mose, adaphunzitsa kuti munthu akamayandikira Mulungu amayambira m'kuŵala, naloŵa mumtambo, natsirizira mumdima. Msonkhano Wachinai wa ku Lateran mu 1215 udanenetsa kuti kufanana kulikonse kwa cholengedwa ndi Mlengi kumaposedwa ndi kusiyana kwao. Pa Eksodo 33 Mose adabisidwa mumng'alu wa thanthwe, naloledwa kuona kumbuyo kokha kwa Mulungu. Friedrich adaitembenuza nkhaniyi: kumbuyo kumene tikuona nkwa munthu, ndipo Mulungu saoneka konse. Kusiyana kwa zithunzi ziŵirizi kuli apa. Pa Wapaulendo msana waphimba malo enieni amene diso likadafuna kuona. Pa Mmonke msana wapatuka, natisiyira malo oti tiime pambali pake.

Mlandu wa Ramdohr

Tsono kodi zithunzi zotere zingaloŵe m'tchalitchi? Funsoli lidafunsidwa Friedrich ali moyo. Pa Khirisimasi ya 1808 adaonetsa m'chipinda chake ku Dresden chithunzi cha Das Kreuz im Gebirge, Mtanda pa Phiri, chimene chimatchedwanso Tetschener Altar. Adachiika pa tebulo loyalidwa nsalu yakuda, monga pa altare, m'felemu yagolide yosemedwa ndi mmisiri wina dzina lake Kühn, yokhala ndi nthambi za kanjedza, mitu ya angelo, ngala za tirigu, mpesa ndi diso la Mulungu. M'kati mwake muli thanthwe, mitengo yosayoyola masamba, ndi mtanda wooneka chammbali. Pa mtandapo pali chosema chonyezimira, chonga cha pa mitanda yoimikidwa m'mbali mwa njira, ndipo chapenya kutali ndi woonera, ku dzuŵa limene laloŵa kale kuseri kwa phiri.

Mu Januwale 1809 Basilius von Ramdohr, katswiri wa malamulo ndi wolemba za luso, adasindikiza nkhani yaitali m'magazini ya Zeitung für die elegante Welt yotsutsa chithunzichi. Adadandaula za malamulo a kujambula amene Friedrich adaswa, koma mlandu wake waukulu unali wakuti nkudzikuza kuti chithunzi cha mapiri ndi mitengo chizembere m'tchalitchi ndi kukwera pa altare, ndi kuti chimadzutsa kutengeka mtima kumene anthu angakuyese kupembedza. Abwenzi a Friedrich adamyankha mwaukali, ndipo iye mwini adafotokoza kuti thanthwe ndi chikhulupiriro, mitengo yosafota ndi chiyembekezo, ndipo dzuŵa loloŵa ndi nthaŵi yakale imene Mulungu Atate ankayenda pakati pa anthu. Chithunzicho chidagulidwa ndi banja la Thun-Hohenstein la ku Tetschen, kumene lero kumatchedwa Děčín, koma sichidaikidwe pa altare. Chidapachikidwa m'chipinda chogona cha mai wa nyumbayo, ndipo tsopano chili ku Dresden.

Mbiri ya zaluso idaweruza mlanduwu mokomera Friedrich, ndipo Ramdohr amakumbukidwa ngati munthu wosamva zatsopano. Ine ndiyesa kuti pa za luso adalakwa, koma pa za altare anali ndi mfundo. Eklezia sakana kuti zolengedwa zimalankhula za Mlengi. Paulo Woyera akutero pa Aroma 1, buku la Luntha likutero pa mutu 13, ndipo Msonkhano Woyamba wa ku Vatican udatsimikiza mu 1870 kuti nzeru za munthu zingathe kudziŵa Mulungu kudzera m'zolengedwa. Friedrich adachokera m'dera limene mbusa Ludwig Gotthard Kosegarten ankalalikira asodzi pa gombe la Vitt ku Rügen, thambo lili ngati denga la tchalitchi, ndipo anali wa mbadwo wa Friedrich Schleiermacher, amene mu 1799 adaika phata la chipembedzo m'kumva kwa mtima pamaso pa Wopandamalire. M'zimenezi muli choona. Koma Msonkhano Wachiŵiri wa ku Nicaea mu 787 udateteza zithunzi pa chifukwa china: Mwana wa Mulungu adadzisandutsa munthu, Wosaoneka adakhala ndi nkhope, ndipo ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzicho. Chithunzi cha pa altare chimatiyang'ana. Chimaimanso pamaso pa mpingo wosonkhana kudzanyema mkate. Anthu a Friedrich, ngakhale pamene ali aŵiri kapena atatu, kaŵirikaŵiri amapenya kutali, ndipo kutaliko kulibe nkhope yoŵayang'ana kapena yoŵaitana ndi dzina.

Komabe tisathamangire kunena kuti njira ya Akatolika a nthaŵiyo inali yabwino koposa. Mu 1809 Friedrich Overbeck ndi Franz Pforr adayambitsa ku Vienna gulu la Lukasbund, limene mu 1810 lidasamukira ku Roma nkukhala m'nyumba ya amonke ya Sant'Isidoro. Anthu adaŵatcha Anazarene, ndipo Overbeck adaloŵa Chikatolika mu 1813. Iwo adatsanzira Raphael wachinyamata, Perugino ndi Dürer, napenta nkhope zambiri za oyera. Koma otsatira ao, pokopera makope a makope, adabala timapepala ta oyera totsekemera tija timene tadzaza m'mabuku athu a mapemphero, nkhope zosalala zimene sizidaonepo dzuŵa kapena njala. Kukopera kopanda mafunso kumathera pamenepo. Titati tisankhe pakati pa nkhope yosanena kanthu ndi msana wa mmonke uja, msana ndiwo uli pafupi ndi pemphero.

Mau otsiriza

Chiweruzo changa tsono nchotere. Wapaulendo ndi mphunzitsi wabwino wa dzanja, pakuti amaphunzitsa dongosolo, mtunda ndi kupyapyala kwa utoto. Wophunzira amkopere, koma rula ili m'manja, akudziŵa kuti akumanga chipilala cha munthu. Akatha apite kwa Mmonke, amene ndi chithunzi chachikulu koposa ndi mphunzitsi wolimba koposa, kuti aphunzire kusiya. Ndipo pomwepo asaimepo, koma abwerere ku nkhope imene adaithaŵa poyamba, popeza mmisiri wa Eklezia sangakhale moyo wake wonse akujambula misana. Chikalata cha Liturjiya pa ndime 123 chimanena kuti Eklezia sadasankhe mtundu umodzi wa luso kuti ukhale wakewake, ndi kuti luso la mitundu yonse ya anthu lipatsidwe malo. Nkhungu ya ku Elbe ndi jekete la ku Dresden si zathu, ndipo kupachika makope ake m'matchalitchi athu kungakhale kubwereza cholakwa cha timapepala tija. Chimene tingatengeko ndi njira ya mmisiriyo: kuyenda ndi pensulo m'dziko lako, kulipenya zaka zambiri, ndi kulimba mtima pochotsa. Ntchito ya Kungoni ku Mua, imene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, yaonetsa kuti amisiri athu angathe kupatsa Uthenga Wabwino nkhope ndi dziko lakuno.

Pali chinanso chimene chikhudza ife mwapadera. Kwa zaka mazana ambiri, kufikira kusintha kwa Liturjiya kwa m'ma 1960, akristu ankaona msana wa wansembe pa Misa, onse atapenya mbali imodzi. Lero timayang'anana ndi anthu, komabe udindo sudasinthe: wansembe amaima patsogolo pa mpingo, ndipo anthu amapenya kudzera pa iye. Angathe kuima monga Wapaulendo, pakati penipeni, mizere yonse ya parishi itakumana pa chifuŵa chake, iye ataphimba chimene anthu adadzera. Angathenso kuima monga Mmonke, chapambali, pa msinkhu wake weniweni, thambo litatseguka. Yohane Mbatizi adasankha kuchepa, monga timaŵerenga pa Yohane 3. Mseminale amene wakhala masabata angapo akulimbana ndi dzanja lake kuti lisamkuze mmonke uja, adzakhala ataphunzira kanthu ka unsembe kamene mayeso a papepala sangamfunse.